Crush, squeeze, squash, grind: kusiyana kwake kuli pati?

Wa Fomu 4, Mponela: Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Tikukonzekera mayeso a MSCE, ndiye pa mayeso oyeserera kusukulu kwathu panabwera funso loti tisankhe mawu oyenera pakati pa crush, squeeze, squash ndi grind. Kadikishonale komwe tili nako kakungozungulira pamodzimodzi, apa kufinya, apo kuphwanya. Kodi ilipo njira yowasiyanitsira, kapena n'kungoloweza basi?

Aphiri, mphunzitsi wopuma: Wafunsa bwino mwanawe. Kuloweza kokha sikungakufikitse patali chifukwa mawu a mtundu umenewu ndi ambiri. Ana anga ndinkawauza kuti asamayang'ane dzanja la munthu, aziyang'ana chinthu chomwe chagwidwacho kuti chatsala bwanji. Ukagwira lalanje n'kulipanikiza, madzi n'kutuluka, koma khungu lake lili m'manja mwako, imeneyo ndi squeeze. Nthawi zambiri squeeze imatulutsa kanthu, kapena chinthucho chimabwerera m'malo mwake ukachisiya. Crush ndi pomwe chinthu chaphwanyika moti sichingabwererenso mwakale, monga dzira lomwe lapondedwa kapena chitini chomwe galimoto yadutsapo. Squash imakonda zinthu zofewa zomwe zaphwatalala, ngati tomato yemwe anamuika pansi pa dengu pamwamba n'kusanjikapo mbatata. Grind ndi kupera, kukhutiza chinthu pakati pa zolimba ziwiri mpaka chisanduke ufa.

Wa Fomu 4, Mponela: Zikomo aphunzitsi. Ndiye kuchigayo amachita grind?

Aphiri, mphunzitsi wopuma: Eya, grind kapena mill. Koma usamale pa nthawi yakale, samati grinded, amati ground. "The maize was ground yesterday." Ana ambiri amataya malikesi pamenepo poganiza kuti ground ndi nthaka yokha.

Nabanda, Leeds: Ndiwonjezereko za kukhitchini, poti n'komwe mawuwa ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku. Chomwe ndinaona n'chakuti pa nkhani ya mtondo Chichewa chathu n'cholemera kuposa Chingerezi. Ife timakonola chimanga kuti gaga achoke, tikaviika mphale timadzatibula, mtedza timasinja kuti tipeze nsinjiro. Iwo zonsezi amangoti pound, mawu amodzi. Anzathu a ku Nigeria kuno ali ndi chakudya chawo chotchedwa pounded yam, n'chifukwa chomwecho, chimasinjidwa mumtondo. Koma adyo pa mabuku ophikira amalemba kuti "crush two cloves of garlic", kutanthauza kumutswanya ndi mpeni chogoneka kapena ndi kachitsulo kake. Ndiye pali mash, yomwe ndi ya chakudya chophika kale, chofewa, chomwe ukuchinyenya ndi foloko kapena mthiko. Mbatatesi yotere ana a kuno amangoti mash, mawu akuti potato sawatchulanso. Futali wathu akapsa bwino n'kumunyenya, ameneyonso wachitidwa mash.

Ankhoma, Dedza: Nanga chakudya cha nkhuku chija timagula m'matumba, layers mash ndi growers mash? Chimene chija si chophika ayi, n'chouma.

Nabanda, Leeds: Zoona achimwene, pa ziweto mash imatanthauza zosakaniza zogayagaya, kusiyanitsa ndi zija zoumba timibulu zotchedwa pellets. Mawu ndi amodzi koma kukhola ndi kukhitchini akugwira ntchito mosiyana pang'ono.

Ambewe, Area 25: Ine vuto lomwe ndimaliona kwambiri si la tanthauzo koma la khutu. Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, ndiye crush ndi crash timazitchula chimodzimodzi. Onjezanipo nkhani ya l ndi r, mupeza kuti clash nayonso yalowa momwemo. Pa Facebook mumaona munthu walemba kuti "the minibus crushed at Linthipe" pomwe akufuna kunena kuti inachita ngozi. Galimoto ikagunda chinthu kapena kugubuduka ndi crash. Ikapsinja munthu kapena njinga pansi pake, pamenepo ndiye crush. Magulu awiri akalimbana ndi clash. Ngozi imodzi yomweyo ikhoza kukhala ndi crash ndi crush, koma si chinthu chimodzi.

Aphiri, mphunzitsi wopuma: Ambewe mwakhudza pomwe pamandipweteka. Onaninso kuti crush imafuna chinthu chophwanyidwacho chitchulidwe. Ukati "the minibus crushed" wowerenga amadikira kuti umuuze kuti yaphwanya chiyani. Crash ikhoza kuima payokha.

Agama, Zomba: Pepani akuluakulu, ine ndikuona ngati tikukulitsa nkhani. Munthu akalemba crushed m'malo mwa crashed tonse timamva zomwe akunena. Chingerezi ndi chilankhulo chobwera, bola uthenga wafika. Ana athu tisawalemetse ndi tinthu ting'onoting'ono pomwe ambiri akuvutika ngakhale kulemba kalata yofunsira ntchito.

Nangozo, namwino, Manchester: Agama, ndikumvetsa mtima wanu, ndipo pocheza pa WhatsApp palibe amene angafe nazo. Koma ndiloleni ndikuuzeni mbali ya ntchito yathu, chifukwa pagulu pano pali abale ambiri omwe akugwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Britain, ena akukonzekera kubwera.

Pa mabokosi ena a mankhwala pamalembedwa kuti "Swallow whole. Do not crush or chew." Kwathu tinazolowera kuti mwana kapena gogo akamalephera kumeza piritsi, timaliika pa supuni, kuliphwanya ndi supuni ina, kuthira timadzi n'kumumwetsa. Mapiritsi ena zimatheka. Koma alipo omwe pa dzina lake pamatsatira zilembo monga MR, SR kapena XL. Amenewa anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'thupi kwa maola ambiri. Mukaliphwanya, mphamvu yomwe imayenera kugwira tsiku lonse imalowa m'magazi nthawi imodzi. Ngati ndi mankhwala a BP kapena opha ululu amphamvu aja, munthu akhoza kukomoka, ngakhale kufa kumene. Ena ali ndi zilembo EC, ali ndi chikutiro choti asasungunukire m'chifu koma m'matumbo. Nawonso saphwanyidwa. Pomwe ena analembedwa dispersible, amenewo mumangoponya m'timadzi pang'ono n'kusungunuka okha. Ndiye crush, chew ndi dissolve ndi malangizo atatu osiyana, ndipo wosamalira wodwala ayenera kuwadziwa bwinobwino. Mukakayikira funsani wa ku famase musanaphwanye chilichonse.

China, wodwala akati ali ndi "crushing pain" pachifuwa, akutanthauza kuti akumva ngati chinthu cholemera chamukhalira. Chimenecho ndi chimodzi mwa zizindikiro za mtima womwe ukufuna kuima, ndipo kuno mumaimba 999 nthawi yomweyo osadikira kuti muone ngati zisinthe.

Agama, Zomba: Za mapiritsizo zandilowa achemwali. Mayi anga amamwa a BP ndipo mdzukulu wawo ndi amene amawamwetsa. Ndikayang'ana bokosi lawo madzulo ano.

Nangozo, namwino, Manchester: Chitani choncho, ndipo ngati kumeza kukuwavuta kawauzeni a kuchipatala, nthawi zina amatha kusintha n'kuwapatsa mtundu wina. Squeeze nayo timaigwiritsa ntchito kwambiri. Tikafuna kuona ngati munthu wachita sitiroko timamuuza kuti "squeeze my hands", tione ngati dzanja lina lafooka. Mukanena crush pamenepo mwamuuza kuti akuthyoleni zala. Koma mkaka wa m'mawere ukamafinyiridwa m'kapu kuti mwana wobadwa masiku asanakwane amwe, pachipatala mawu ake ndi express. Ng'ombe ndiye amangoti milk, "to milk a cow", kukama kuja.

Achisale, Nchalo: Kuno ku Shire crush ndi mawu a m'kamwa mwa aliyense chifukwa cha nzimbe. Nyengo yomwe fakitale ya shuga ikugaya amaitcha crushing season, imayamba mvula ikatha cha mu Epulo n'kumapita mpaka cha mu Novembala. Ku Dwangwa n'chimodzimodzi. Nzimbe zimadulidwadulidwa, kenako zimadutsa pakati pa zitsulo zazikulu zozungulira zomwe zimazipsinja mpaka madzi onse atatuluka. Zotsalira zoumazo amazitcha bagasse ndipo amasonkhezera moto wa fakitale yomweyo. Tsono funso langa kwa aphunzitsi ndi ili. Mwati squeeze ndi pomwe madzi akutuluka. Nanga bwanji nzimbe sanena kuti squeezing season?

Aphiri, mphunzitsi wopuma: Chifukwa nzimbe yomwe yatuluka mbali inayo sinzimbenso, Achisale. Yaphwanyika, yasanduka zinyenyeswazi. Madzi atuluka inde, koma chinthucho chatheratu, ndiye crush ndi yomwe yapambana. Mphesa za vinyo nazonso amayamba ndi crush kuti zithudzuke, kenako press kuti madzi atsike. Press ndi kupanikiza kochokera pamwamba, mokhazikika, kawirikawiri ndi makina. Mafuta a mpendadzuwa omwe amayengedwa m'timakina ta m'matauni ang'onoang'ono muja amachitidwa press. Makina osindikizira mabuku nawonso ndi press popeza ankadinda zilembo papepala, ndipo n'kuchokera pamenepo atolankhani onse anayamba kutchedwa the press.

Ankhoma, Dedza: Ife a ziweto tili ndi cattle crush, kampanda kopapatiza ka mitengo komwe ng'ombe zimalowamo imodziimodzi pobayidwa katemera kapena popita m'dibi. Sikaphwanya ng'ombe, kamangoithina kuti isatembenuke. Alangizi amakatchula choncho. Komanso miyala yomangira ija amayi amaswa ndi hamala m'mbali mwa msewu, pa pepala la injiniya imalembedwa crushed stone.

Ambewe, Area 25: Pali nkhani ina yolemera yomwe ndikufuna tiikambe, chifukwa apa mawu amasintha momwe timaweruzira anthu. Pa 6 Julayi 2017, tsiku lokumbukira ufulu wathu, anthu 8 anafa pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, 7 mwa iwo ana. Anthu anabwera ambiri kudzaonera mpira wa Bullets ndi Silver, zipata zinachedwa kutsegulidwa, khamu n'kuunjikana. Nyuzipepala zambiri zinalemba kuti stampede. Akatswiri oona za makamu a anthu amakana mawu amenewa pa ngozi zambiri zotere, amati mawu oyenera ndi crowd crush.

Nasibeko, Johannesburg: Kusiyana kwake n'kotani achimwene? Kuno ngozi ya pa Ellis Park ya pa 11 Epulo 2001, pomwe anthu 43 anafa pa mpira wa Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, mpaka lero ambiri amati stampede.

Ambewe, Area 25: Stampede poyambirira ndi mawu a ziweto, ng'ombe kapena mahatchi zikadzidzimuka n'kuthamangira pamodzi mosaona kolowera. Mukawagwiritsa ntchito pa anthu, chithunzi chomwe chimabwera n'chakuti anthuwo anapenga, anathamanga, anapondana okha, ndiye mlandu ndi wawo. Koma zomwe zimachitika kawirikawiri n'zosiyana. Anthu amakhala atathithikana pamalo opapatiza moti sangathamange n'komwe. Akumbuyo sakuona zomwe zikuchitika kutsogolo, akungosendera. Wakutsogolo wapanikizidwa kuchitsulo kapena pakati pa matupi a anzake, chifuwa chikulephera kufutukuka, mpweya sukulowa. Ambiri amafa ataimirira. Ana ndi amene amayamba chifukwa ndi afupi ndipo nthiti zawo n'zosalimba. Mukati crush, funso lomwe limatsatira ndi lakuti ndani analola anthu ochuluka chotere pamalo ochepa chotere, zipata zinali zingati, zinatsegulidwa nthawi yanji.

Nabanda, Leeds: Kuno nkhani imeneyi ndi bala lomwe silinapole. Ku Hillsborough, mumzinda wa Sheffield, pa 15 Epulo 1989 ochemerera timu ya Liverpool anapanikizidwa kumpanda wa waya pa mpira wawo ndi Nottingham Forest. Onse omwe anafa chifukwa cha tsiku limenelo anakwana 97. Kwa zaka zambiri mlandu unkaponyedwa pa ochemererawo, akuti analedzera, anathyola chipata. Mabanja awo anamenya nkhondo mpaka mu 2016 pomwe bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti anthuwo anaphedwa mosemphana ndi lamulo ndipo ochemerera analibe mlandu. Munthu wa ku Liverpool simungamuuze kuti inali stampede, akhumudwa nanu kwambiri. Amati crush.

Nasibeko, Johannesburg: Ndamva tsopano. Koma kupondana kumachitikanso ndithu, munthu akagwa.

Ambewe, Area 25: Kumachitika, ndipo mawu ake ndi trample. "He was trampled" ndiye kuti anagwa pansi anthu n'kumuponda. Njovu zikalowa m'munda ku Kasungu kapena ku Liwonde n'kupondaponda chimanga, imeneyonso ndi trample. Chomwe ndikupempha ine n'chakuti olemba nkhani aziyamba afufuza kuti chinapha anthu n'chiyani asanasankhe mawu. Pali makolo omwe anataya ana tsiku lija, ndipo si bwino kuti mbiri iziwerengeka ngati anawo anadzipha okha ndi phuma.

Aphiri, mphunzitsi wopuma: Mawu omwewa mukumana nawonso m'mabuku a mbiri, ana a Fomu 4 mumve. Za John Chilembwe amalemba kuti "the rising was crushed". Kuukira kuja kunayamba pa 23 Januwale 1915, ndipo pofika pa 3 Febuluwale Chilembwe anali ataphedwa, tchalitchi chake cha ku Mbombwe ku Chiradzulu anachigumula, omutsatira ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa. Wolemba akasankha crushed osati stopped kapena ended, akukuuza kuti panagwiritsidwa ntchito mphamvu yoposa muyeso, yofuna kuti pasadzukenso kanthu. Mtima wa munthu nawo umatero. "She was crushed by the news" ndi munthu yemwe uthenga wamuthyola mafupa, wangoti khuma, mphamvu zamuthera.

Wa Fomu 4, Mponela: Aphunzitsi, nanga anzathu akamati "uyu ndi crush wanga" zikugwirizana bwanji ndi kuphwanya?

Nabanda, Leeds: Imeneyo ndikuyankhe ine mwanawe. "To have a crush on someone" ndi kugwa m'chikondi chamumtima ndi munthu yemwe mwina sakudziwa n'komwe, kawirikawiri chosakhalitsa. Si chibwenzi ayi. Munthu yemwe mwagwirizana kale sakhalanso crush. Ndipo samalira kamawu kakang'onoko, ndi crush on, osati crush with kapena crush for. Ku America alinso ndi "main squeeze", kutanthauza wokondedwa weniweni, koma ndi mawu a pamacheza, usakawalembe pa mayeso. Ukamvanso wina akuti "you crushed it" ukatha kuyankhula pagulu kapena kulemba mayeso, akukuyamikira kuti waphula bwino kwambiri.

Nasibeko, Johannesburg: Ine squeeze ndinaizolowera m'mataxi a kuno. "Can you squeeze in?" ndi zomwe kondakitala wa kwathu amati tathinanani pamenepo alowe mmodzi. Kusaluni komwe ndimagwira ntchito kasitomala amaimba kuti "can you squeeze me in on Saturday?" Sakunena zomufinya, akupempha kuti timupezere kampata ngakhale buku ladzaza.

Agama, Zomba: Pa nkhani za chuma ndimaonanso squeeze kawirikawiri. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhani za Chingerezi zinkakamba za mabanja omwe ali squeezed. Pamenepo ndiye sindikufunika womasulira. Malipiro ali pomwe analipo, shuga, mafuta ophikira ndi thiransipoti zakwera, munthu wapanikizika mbali zonse. Tinganene kuti Chichewa chathu chakuti "zinthu zathina" chikunena zomwezo.

Aphiri, mphunzitsi wopuma: Ndi zomwezo Agama. Palinso "feel the pinch", kuchokera ku pinch, kutsina. Ndi ululu wa kuchepa kwa ndalama womwe wayamba kumveka. Pinch yomweyo pophika ndi kamchere kotapa ndi zala ziwiri, "a pinch of salt".

Nangozo, namwino, Manchester: Wina atithandize wring, chifukwa pa zovala zambiri zaubweya pamalembedwa "do not wring" ndipo anthu amaononga majuzi odula.

Nabanda, Leeds: Wring ndi kufinya kopotokola, momwe timachitira chitenje tikachapa, dzanja lina uku lina uku. Juzi yaubweya mukaipotokola imatamuka osabwereranso, ndiye amafuna muifinye mofatsa, squeeze gently, n'kuiyanika chogoneka. Chilembo choyambacho sichitchulidwa, imamveka ngati ring ya pachala. Nthawi yakale ndi wrung. Kupotokola khosi la nkhuku nakonso amati wring.

Ankhoma, Dedza: Nanga Sobo uja amalemba squash pabotolo? Ndi squash yomweyi ya tomato wophwatalala?

Aphiri, mphunzitsi wopuma: Ndi ya banja lomwelo, chakumwa chochokera ku zipatso zofinyidwa chomwe umasungunula ndi madzi. Ndi mawu a Chingerezi cha ku Britain, n'chifukwa chake anafika kwathu kuno. Masewera a squash nawonso dzina lawo linachokera pa kampira kofewa kamene kamaphwatalala kakamenya khoma. Koma squash ya gulu la maungu ndi mawu ena, anachokera ku chilankhulo cha anthu a mtundu wa Narragansett a ku America, angofanana kalembedwe.

Ambewe, Area 25: Ndipo musasokoneze squash ndi quash. Khoti lalikulu likathetsa chigamulo cha khoti laling'ono amati "the conviction was quashed", popanda s kumayambiriro. Imeneyi ndimaiona ikulakwika ngakhale m'nkhani za makhoti zomwe zimayenda pa intaneti.

Wa Fomu 4, Mponela: Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse m'kope. Latsala funso limodzi lomwe linali pa pepala lomwelo. Munthu wakwiya, watenga kalata n'kuikwinyira m'manja n'kuitaya. Pamenepo ndilembe crush kapena squeeze?

Aphiri, mphunzitsi wopuma: Ngati crumple ilipo pa mayankho, tenga imeneyo, ndiyo ya pepala kapena nsalu yomwe yachita makwinya. "He crumpled the letter and threw it away." Ngati palibe, crush ikhoza kulowa chifukwa pepalalo silibwereranso mwakale. Squeeze isiye, m'kalata mulibe chotuluka. Upange ziganizo zako zisanu ndi mawu omwe takamba lerowa, uzitumize pano mawa madzulo ndidzakuchongere.

Nangozo, namwino, Manchester: Agama, mukayang'ana bokosi lija mujambule mbali yomwe pali dzina la mankhwala ndi zilembo zotsatira, munditumizire kumbali. Dzina la mayi libiseni ndi chala pojambulapo.